Madzi Saiwala Khwawa: Phunziro la Tinjira ta Njinga ku Tygerberg

Chaka chilichonse mvula ikatha, m'midzi ya m'mapiri a Dedza, Ntcheu, Angonia ndi Chipata mumamveka dandaulo limodzi lakuti njira yaonongeka. Kanjira kamene mu Okutobala munthu amatsika nako ndi matumba awiri a mbatata ya kachewere panjinga, pofika Epulo kamakhala katasanduka chigwembe cholekeza m'mawondo. Wakabaza amakweza mtengo, mwinanso kukaniratu kupitako. Mlimi amene akadagulitsa mbewu zake pamtengo wabwino ku Lizulu kapena ku Tsangano amazipereka motchipa kwa vendala amene walimba mtima kufika m'mudzimo. Wodwala amanyamulidwa pamachira chifukwa ambulansi ya njinga singadutse. Nkhani yathu mwezi uno ikuchokera kutali, kwa anthu amene amakwera njinga pongosangalala chabe, koma amene aphunzira kusamala tinjira totere moti ife amene timatidalira tsiku ndi tsiku tiyenera kuwatchera khutu.

Mapiri a kumpoto kwa Parow

Abale athu amene akugwira ntchito ku Cape Town, m'dziko la South Africa, amalidziwa bwino dera la Parow, kumene kumadutsa msewu wa Voortrekker Road ndiponso kuli chipatala chachikulu cha Tygerberg. Munthu akaima mumsewu umenewu n'kuyang'ana kumpoto amaona mapiri a Tygerberg. Kwa wochokera ku Mulanje amenewa ndi zitunda chabe, pakuti sakwana ngakhale mamita 500, pamene Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002. Mbali ina ya mapiriwa ndi malo otetezedwa a Tygerberg Nature Reserve, amene amayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzindawu pofuna kusunga tchire lachilengedwe lotchedwa renosterveld, lomwe latsala pang'ono kutheratu. Kuseri kwake, cha ku Durbanville, kuli minda ikuluikulu ya mphesa ndi tirigu.

M'minda imeneyi, monga ya Meerendal, Bloemendal, Contermanskloof ndi Hoogekraal, komanso m'kankhalango ka Majik Forest ku Bellville, moyandikana ndi Parow, muli tinjira ta njinga zokwerera mapiri, zija ambiri timangozitchula kuti mountain bike. Tinjirati timasamalidwa ndi gulu la okwera njinga la Tygerberg Mountain Bike Club. Sitikula kuposa tinjira tathu ta kumudzi, moti mumangokwana njinga imodzi. Tina n'tosalala, toyenera ana ndi ongoyamba kumene. Tina adatikonza dala kuti tikhale tovuta: timadutsa pa mizu ya mitengo, pa miyala yosanjikizana, pa timilatho ta matabwa ndi m'ngodya zokhota mwadzidzidzi zimene m'mbali mwake adaunjikamo dothi kuti njinga izitembenuka ili paliwiro. Poyambira njira pamakhala chikwangwani: chobiriwira chimasonyeza njira yosavuta, chabuluu yofunika luso pang'ono, ndipo chakuda ndi cha akatswiri okhaokha. Mpikisano wotchuka wa Cape Epic, umene udayamba mu 2004 ndipo umatenga masiku 8, wakhala ukuyambira ku Meerendal kangapo konse.

Chofunika kwa ife si mpikisanowo ayi. Dothi la ku Tygerberg ndi ladongo, loterera likanyowa, ngati makande a kwathu. Mvula kumeneko imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi kufika Ogasiti. Matayala ochuluka amapondaponda tinjirati sabata iliyonse, ndipo mabuleki amakanda dothi potsika. Komabe chaka ndi chaka tinjirati timakhala toyendeka. Nanga chinsinsi chake n'chiyani?

Njira ili ndi eni ake

Choyamba ndi mgwirizano. Minda imene tinjirati timadutsa ili ndi eni ake, ndipo gululi limayamba lapempha chilolezo kwa mlimi aliyense. Mlimi amalola podziwa kuti okwera njinga adzatsata malamulo: osapatuka kulowa m'munda wa mphesa, osataya zinyalala, osadutsa pamene paletsedwa. Iyenso amapindulapo, pakuti alendowo amagula chakudya ndi vinyo pamalo ake. Onse amadziwa kuti munthu mmodzi wosamva akhoza kuchititsa kuti mlimi atseke chipata, gulu lonse n'kutaya njira.

Chachiwiri ndi ndalama. Membala amalipira chaka ndi chaka, ndipo amalandira kachikwangwani kamene amamangirira kutsogolo kwa njinga yake kuti aliyense aone kuti wasonkha. Mlendo amagula chilolezo cha tsiku limodzi. Ndalamazo zimagulira zipangizo ndi kulipira anthu okonza njira. Chachitatu ndi manja a mamembala eni ake, amene amayendetsa gululi modzipereka ndipo amatuluka ndi mafosholo, mapiki ndi maleki pa masiku a ntchito. Woyenda m'njira akaona mtengo wagwa kapena ngalande yatsekeka amadziwa woti amuuze. Kwathu kuno njira ndi ya aliyense, ndipo n'chifukwa chake ilibe woisamala.

Mdani wa njira ndi madzi

Okonza njira za njinga padziko lonse amatsata mfundo zingapo zimene bungwe la International Mountain Bicycling Association, lomwe lidakhazikitsidwa ku America mu 1988, lidazisonkhanitsa m'buku lake la Trail Solutions mu 2004. Mlimi aliyense amene adaimikapo akalozera m'munda mwake azimva mfundozi mosavuta, chifukwa nzeru yake ndi imodzimodzi. Phazi ndi tayala zimangofukula dothi. Chimene chimalinyamula n'kupita nalo ndi madzi. Ndipo madzi akawirikiza liwiro lake kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Choncho ntchito yonse yagona pa kuwachotsa madzi m'njira asadasonkhane ndi kuyamba kuthamanga.

Mfundo yoyamba ndi yakuti njira isalunjike kumunsi kwa phiri, koma iziyenda chopingasa monga umachitira mzere wabwino. Kutsetsereka kwa njira kusapose theka la kutsetsereka kwa phirilo. Mwachitsanzo, ngati phiri limatsika mita imodzi pa mamita 10 alionse, njira yopingasa phirilo isatsike koposa theka la mita pa mamita 10. Ikaposa pamenepo, madzi amaona kuti njira ndiyo yachidule, ndipo amaleka kuidumpha n'kuyamba kuitsata. Ngakhale phiri litakhala lotsetsereka kwambiri, njira yonse tikaiphatikiza isamatsike koposa mita imodzi pa mamita 10 alionse. Pamene phiri lakula, njira imakhotakhota ngati njoka. Imatalika ndithu, koma munthu amakwera ndi katundu osatsika panjinga, ndipo imakhalitsa.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti pamene pamaponda tayala papendekeke pang'ono kuloza kumunsi kwa phiri, masentimita 5 pa mita imodzi ya m'lifupi, kapena tinene zala zitatu. Woyenda sazindikira n'komwe kupendekekaku, koma madzi ochokera kumtunda amangodutsa mopyapyala n'kupitirira. Vuto n'lakuti anthu akamayenda, pakati pa njira pamalowa ndipo m'mphepete mwa kumunsi mumamera kamtumbira ka dothi ndi udzu. Kamtumbira kameneka ndiko kamatsekera madzi m'njira n'kuisandutsa ngalande. Ntchito yaikulu ya okonza njira za njinga ndi kungosalaza kamtumbiraka ndi khasu. Ndi ntchito ya mphindi zowerengeka, koma ikalekedwa zaka ziwiri pamabadwa chigwembe.

Mfundo yachitatu ndi yakuti njira yotsika isatsike mosalekeza. Pafupipafupi iyenera kukwera pang'ono kenaka n'kutsikanso, kuti madzi akafika pachidikhapo asowe kolowera koma kutuluka m'mbali. M'njira imene ilipo kale, timakumba chidikha chotakata koma chosazama, chopendekera kumunsi, ndipo dothi lochokamo timaliunjika kutsogolo kwake n'kulitsendera kwambiri. Chidikha chabwino njinga yonyamula katundu imachidutsa osagwedezeka. Kangalande kopapatiza kokumba mothamanga kamatsekeka ndi mvula yoyamba, ndiponso kamagwetsa okwera njinga. Potulukira madzi timayalapo miyala ndi kubzala udzu wa vetiva kuti pasayambike chigwembe china.

Mfundo yachinayi ikukhudza malo a lowe ndi powolokera timakwawa, pamene madzi sangapewedwe. Pamenepa timayala miyala ikuluikulu yophwatalala, yokwiriridwa bwino kuti isasunthe, ndipo ming'alu yake timaitseka ndi timiyala. Miyala yongomwaza pamwamba imapita ndi madzi. Chimodzimodzinso zimene timakonda kuchita za kuthira dothi ndi zinyalala m'chigwembe tsiku limene kukubwera alendo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Tikapanda kukwera kumtunda kukaona pamene madziwo akulowera m'njira n'kuwapatutsa komweko, dothi lathu lonse lidzapezeka kudambo.

Kudziletsa mvula ikagwa

Pali mwambo wina ku Tygerberg umene ungadabwitse ambiri. Mvula yamphamvu ikagwa, gululi limatseka tinjira tina mpaka dothi litauma, ndipo limalengeza pa intaneti kuti njira yakutiyakuti yatsekedwa. Anthu amene adalipira ndalama zawo amavomera kudikira, podziwa kuti tayala limodzi pa dongo lonyowa limasiya kamzere kamene madzi adzatsate, ndipo dzuwa likawomba kamzereko kamauma ngati njerwa. Kumudzi sitingatseke njira ya kuchipatala kapena ya kusukulu. Koma tingathe kugwirizana kuti ngolo zodzaza ndi katundu, ng'ombe zambiri ndi okoka mitengo adikire tsiku limodzi kapena awiri mvula ikagwa, kapena akhale ndi njira yawoyawo. Mfumu ikalamula zotere, ndipo anthu atamva chifukwa chake, theka la ntchito yokonza limakhala lapewedwa.

Moto nawonso uli ndi mbali yake. Kummwera kwa mzinda womwewo wa Cape Town kuli nkhalango ya Tokai, imene ili m'dera la Table Mountain National Park ndipo ndi yotchuka pa tinjira ta njinga. Mu Marichi 2015 moto woopsa udapsereza mapiri a kumeneko, ndipo tinjirato tidatsekedwa kwa nthawi yoposa chaka. Okwera njinga adagwirizana ndi oyang'anira nkhalango n'kutikonzanso. Phiri lopserera silimwa madzi. Onse amatsikira m'njira yoyamba imene apeza. Amene amatentha tchire posaka mbewa mu Seputembala ndi amene amakumba zigwembe za mu Januwale. Kusamala njira kumayambira m'tchire la kumtunda kwake.

Kodi si za anthu olemera zimenezi?

Wowerenga wina afunsa funso limeneli, ndipo ndi loyenera. Njinga imodzi ya ku Tygerberg ikhoza kugula njinga zakabaza zambirimbiri. Eni ake amagwira fosholo Loweruka atakhuta, monga masewera. Mlimi wa kwathu amagwira khasu masiku onse, ndipo miyezi imene njira zimaonongeka ndi yomweyo imene ntchito ya kumunda yachuluka, nkhokwe zili mbuu. Tisaiwalenso kuti mawu akuti ntchito yaulere ali ndi zipsera m'dziko muno. Thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana, adasanduka ntchito yokakamiza m'minda ya azungu, ndipo adali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira mu 1915. Achikulire amakumbukiranso Sabata ya Achinyamata m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda, pamene misewu ndi milatho zinkakonzedwa ndithu, koma kukana kunali kovuta.

Bungwe la MASAF litakhazikitsidwa mu 1995, anthu adayamba kulandira kangachepe pokonza misewu ya kumidzi, ndipo mabanja ambiri adathandizika nazo. Komabe ntchito zolipidwa zotere zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri zimathera pa misewu ya galimoto. Kanjira ka makilomita atatu kochokera m'mudzi kukafika pamsewupo sikapezeka m'ndondomeko ya aliyense. Tikamadikira kuti mwina chaka chino kubwera pulojekiti, madzi sadikira nafe.

Phunziro la ku Tygerberg silakuti anthu osauka azigwira ntchito yaulere. Onani kuti ngakhale olemerawo sadalira kudzipereka kokha: amasonkha, ndipo ntchito yolemetsa amalipira oigwira. Phunziro lake n'lakuti amene amapindula ndi njira ndiwo amapanga gulu, amaika malamulo, amasunga thumba, ndipo amakonza pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Palibe amene amawatuma. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Makolo athu anali ndi dima: mwini munda amafulula thobwa kapena mowa, anzake n'kubwera ndi makasu, mawa lake n'kupita kwa wina. Ntchito inkayenda chifukwa aliyense ankaona phindu lake ndi maso.

Poyambira pake

Kwa alangizi, a makomiti a VDC ndi atsogoleri a makalabu a alimi, nazi njira zoyambira zosafuna thandizo lochokera kunja.

Yambani ndi njira imodzi yokha, imene ikaonongeka anthu ambiri amavutika. Itanani amene amaigwiritsa ntchito kwambiri: akabaza, alimi a mbatata ndi tomato, amayi opita kuchigayo ndi kumjigo, akomiti ya sukulu ndi azaumoyo. Akabaza ambiri ali kale ndi magulu pa masiteji awo, ndipo amadziwa dzenje lililonse. Iwo ndiwo amataya ndalama pogula masipoko ndi malimu, choncho sachedwa kumva.

Kenaka yendani njira yonseyo mvula ikugwa kapena itangokata kumene. Imeneyi ndiyo nthawi imene madzi amaonetsa okha pamene akulowera, pamene akuthamanga ndi pamene aima. Khomani zikhomo pa malo onsewo. Nthawi ya chilimwe mungathe kuthira ndowa ya madzi n'kuona kumene akulowera. Chipangizo chija cha mitengo itatu, chingwe ndi mwala, chooneka ngati chilembo A, chimene timayezera akalozera, ndi chokwanira kuyezera njira.

Musadakumbe kanthu, khalani pansi ndi eni minda ya m'mbali mwa njira pamaso pa nyakwawa. Milandu yambiri imabuka chifukwa anthu apatutsira madzi m'chimanga cha mnzawo osamuuza, ndipo iye usiku amakatseka ngalandeyo. Koma madzi ogawidwa m'malo ambiri amakhala ochepa pamalo alionse, ndipo akalowa m'dzenje kapena m'ngalande yopingasa imene m'mphepete mwake mwabzalidwa nthochi ndi vetiva, amasanduka chinyezi cha mwini munda. Ngati njira iyenera kusunthidwa kuti ileke kulunjika kumunsi, mwini malo apemphedwe mwaulemu, ndipo njira yakaleyo itsekedwe ndi miyala, nthambi ndi udzu, apo ayi anthu adzapitiriza kuidutsa.

Gawani njirayo m'zigawo zazifupi, chigawo chilichonse chikhale ndi mabanja ake odziwika ndi maina. Ntchito ichitike katatu pachaka: mu Okutobala kutsegula potulukira madzi, mvula yoyamba itagwa kuumba zidikha, ndipo mu Epulo kapena Meyi kukonza zoonongeka. Dothi limaumbika bwino likakhala lachinyezi, loti mukalifinya m'manja ligwirane koma osatuluka madzi. Maola awiri m'mawa ndi okwanira. Ntchito ya tsiku lonse imathawitsa anthu. Onetsetsaninso kuti katunduyu asagwere amayi okha, monga zimachitikira pa ntchito zambiri za chitukuko, pamene abambo amene amakwera njingazo ali pamsika.

Pomaliza, khalani ndi kathumba, ngakhale kochepa, kosonkhedwa ndi amene amapeza ndalama kudzera m'njirayo. Ndalamazo zilembedwe m'buku ndipo ziwerengedwe poyera pamsonkhano. Zigulire piki ndi wilibala, ndi kulipira achinyamata amene aswa ndi kututa miyala. Komiti imene ili ndi buku lotere, ndi njira yooneka kuti ikusamalidwa, imamveka msanga ikapita ku ADC kukapempha simenti ya kamlatho.

Namondwe wa Freddy, amene adagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu mu Marichi 2023, sakadaletsedwa ndi chidikha chilichonse chokumba ndi khasu. Koma njira zathu zambiri sizifa ndi namondwe. Zimafa ndi mvula wamba, imene imapeza kamtumbira kosasalazidwa ndi potulukira madzi potsekeka ndi masamba. Zoterezi zili m'manja mwathu. Pamsonkhano wa mudzi umene ukubwerawu, wina aimirire n'kutchula njira imodzi ndi dzina lake, afunse kuti eni ake ndani, ndipo tsiku loyendera njirayo likhazikitsidwe anthu asadabalalike.